Sefa Imene Anabisa mu Poto wa Amayi

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinaphika m'boti la alendo, ndipo palibe mlendo anadandaulapo za m'mimba. Ndikuyamba ndi mawu amenewa chifukwa ndinawanena kambirimbiri pa mchenga wa kwathu ku Chiwanga popanda wondimvera. Pano poti ndikulemba ndekha, palibe wondidula pakamwa.

Botilo linali la zipinda zisanu ndi chimodzi. Linkatenga alendo akunja ku Metangula n'kumayenda nawo sabata yathunthu m'mbali mwa nyanja, kuima apa ndi apo kuti asambire ndi kujambula asodzi. Mwini wake ankakhala kutali, tinkamuona kawiri pachaka. Woyendetsa zonse anali alamu anga, mwamuna wa mng'ono wanga. Ndiwo ankayankha mafoni a ofuna kusungitsa malo, ndiwo ankasunga mapepala, ndipo ndiwo anandipezera ntchitoyo, zimene ankaonetsetsa kuti ndisaiwale ngakhale tsiku limodzi.

Mapoto a m'botimo anali opepuka ngati zitini, choncho ndinapita ndi wanga, poto wamkulu wa mpunga amene amayi anandipatsa. Amayi ndiwo ankaphika mpunga pa sadaka ndi pa maukwati onse a kwathu. Miyendo itayamba kuwavuta, mthiko unagwera ine. Pa zochitika akazi ena ankatsuka, ankasonkha moto, koma wothira mpunga m'madzi ndi woweruza kuti wapsa ndinali ine. Ndinkanyada nazo, sindibisa.

Ndiye kunabwera dzinja lija la kolera. Matenda anamveka m'midzi ingapo ya m'mbali mwa nyanja, ndipo foni ya alamu sinkapuma. Alendo ambiri anangolephereratu. Otsalawo ankafunsa mafunso osatha. Kodi m'botimo muli dokotala? Kodi inshuwalansi ilipira munthu akadwalira kudera lomwe kwalengezedwa mliri? Nanga boti likaimitsidwa ulendo uli pakati, abwezeredwa? Alamu ankawayankha ndi mawu a uchi, n'kuwatumizira chithunzi cha makina athu osefa madzi. Ankati madzi a m'boti lathu ndi oyera kuposa a m'botolo. Anthu asanu ndi atatu anakhulupirira, anabwera, aliyense ndi kabotolo ka mankhwala opaka m'manja kali lende pachikwama.

Tsiku lachitatu sefa ya makinawo inang'aluka. Ndi chinthu chotalika ngati mkono, chooneka ngati chitsononkho chachikulu choyera. Makanika wathu anaitulutsa n'kuonetsa alamu, ine ndili pomwepo ndikupala nsomba. Ina yapadera munalibe. Alamu anamuuza kuti angolumikiza paipi molambalala makinawo. Tsikulo tinali titaima pafupi ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja, madzi ali bii ndi zinyalala za mvula.

Anga ophikira ndinkawiritsa. Koma majagi a m'zipinda za alendo ankadzazidwa kumpopi.

"Alamu, majagi aja," ndinatero.

"Inu alamu, zanu ndi mapoto," anandiyankha. "Alendo akamva, mawa onse afuna kutsika, ndiye apatarawu atidya osaphika. Masiku anayi okha atsala."

Apatarawu ndi mmene tinkatchulira mwini boti. Ndinakhala chete. Pa nkhani yonseyi, apa pokha ndi pamene ndimadziimba mlandu.

Tsiku lachisanu mayi wina wachikulire, amene ankakonda kuima pakhomo la khitchini kununkhiza mpunga wa nazi, anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Tinathamangira kumtunda, galimoto inamutengera kuchipatala, ndipo anapulumuka mwamwayi. M'mawa mwake kunamveka kuti a zaumoyo akubwera kudzayendera boti. Alamu analowa m'khitchini n'kundiuza kuti ndilongedze katundu wanga ndikapumeko kunyumba. Anandithandiza kulongedza. Poto wamkulu uja anamuvundikira okha n'kumumanga ndi chingwe kolimba. Ndinadabwa, chifukwa munthuyo chikwatirireni mng'ono wanga ndinali ndisanamuonepo atagwira ngakhale supuni yakuda. Ndinayesa ndi chisoni.

A zaumoyo anayendera boti, kenako tinapita nawo limodzi mpaka ku Chiwanga. Linali dzuwa la masana, akazi ali pa matandala kutembenuza usipa. Nditangoponda mchenga, alamu anakweza mawu ngati akuitanira malonda. Anauza mkulu wa zaumoyo kuti wophikayu anachokera panyumba pamene pali wodwala ndipo anabisa, ndiye kuti matenda analowa m'boti kudzera m'manja mwake. Anandipopera kolorini kumapazi, pa kapulana, chitenje chimene ndinavala, pa mtolo wanga wonse, mudzi ukuonerera. Ndinkati ndilankhule, koma ndani amamvera munthu amene akumupopera mankhwala ngati khola la nkhuku?

Bodza lawo linali ndi pogwira. Amayi ankadwaladi, koma anali matenda a mtima ndi kutupa miyendo, a zaka zambiri. A zaumoyo anabwera kunyumba, anatiyeza, sanapeze kanthu. Kungoti zimenezo anazinenera m'nyumba, motsitsa mawu, pomwe zinazo zinanenedwa pagombe.

Chifukwa chake ndinachimva pambuyo pake kwa makanika. Mayi uja ankafuna kalata yoti apereke ku inshuwalansi yake, yofotokoza kumene matenda anachokera. Ikanati ndi madzi a m'boti, mlandu ukanagwera mwini boti ndi woyang'anira wake, mwinanso boti likanaletsedwa kuyenda. Koma ikati ndi wantchito wobisa matenda, aliyense akanatuluka woyera. Panafunika munthu woti asenze, ndipo wapafupi anali mchemwali wa akazi awo.

Amayi anamwalira patangopita miyezi iwiri. Pa maliro sindinaganize za mapoto. Koma kutatsala tsiku limodzi kuti tichite arubaini, sadaka imene timachita pakatha masiku makumi anayi, ndinatulutsa poto uja kuseri kwa chitseko kumene anakhala chimangireni. Nditadula chingwe ndinapezamo thaulo la m'boti, ndipo m'thaulomo munali sefa ija, yong'aluka, ndere itauma m'ming'alu. Ndinakhala pansi. Alamu anaibisa mmenemo podziwa kuti a zaumoyo sakamasula katundu wa munthu amene akumuthamangitsa. Akanatha kuiponya m'nyanja, koma pabotipo panali maso ambiri. Ndiye anandisenzetsa ine umboni wa mlandu wawo, ndinayenda nawo pamutu mpaka kunyumba, iwo n'kuiwala. Munthu wosaphika saganiza kuti poto amadzatsegulidwa.

M'mawa ndinamutsuka potoyo ndi mchenga mpaka kuwala, n'kupita naye pamene akazi anasonkha moto. Nditangotola mthiko, azakhali anga anandigwira pamkono.

"Mwananga, pumula lero," anatero. "Iwe ndi wofedwa."

"Azakhali, mng'ono wanganso ndi wofedwa, koma uyo akutsuka mpunga."

Anayang'ana pansi. "Anthu akuopa. Ukaugwira iwe, mpunga utsala wonse."

Anandilanda mthiko mofatsa, chala chimodzichimodzi. Ngakhale potoyo anamukana, anakabwereka kwina. Ndinakhala pamphasa kuonerera mpunga wa amayi anga ukuphikidwa ndi anthu amene amayi sakanawalola ngakhale kusonkhezera moto. Unapserera pansi, pamwamba uli wosapsa. Kumbali ya amuna ndinkawaona alamu, kofia yoyera kumutu, akunyambita zala. Mng'ono wanga sanandiyang'ane n'komwe.

Anthu amandifunsa kuti bwanji sindinaitulutse sefayo tsiku lomwelo. Choyamba, sindikanayambitsa mkangano pa sadaka ya amayi. Chachiwiri, akazi a ku Chiwanga akanaona chiyani? Chipulasitiki chakuda. Alamu akanaseka n'kunena kuti chisoni chandizunguza mutu. Pankafunika tsiku limene pakhale munthu wodziwa chinthucho. Ndinaikulunganso m'thaulo lake n'kuiika pansi pa bedi, ndipo ndinayamba kudikira. Sindinawakhululukire, sindinayesenso n'komwe.

Chaka chinatha. Ndinayesa kugulitsa mandasi, anadyedwa ndi nyerere. Ndinabwerera kukayanika usipa, poti nsomba youma anthu safunsa kuti waigwira ndani. Maukwati awiri anadutsa osandiitana. Mtima ukandiwawa ndinkasuzumira pansi pa bedi, monga mmene ena amayang'anira chithunzi cha mwana amene ali ku Joni, kudziuza kuti tsiku lina adzafika.

Tsikulo linabwera ndi alamu eni ake, atanyamula kapulana yatsopano ndi shuga. Anakhala pakhonde n'kufunsa za moyo wanga kwa nthawi yoyamba chinditsitsireni. Nkhani inali yoti ana a mayi uja sanaisiye. Inshuwalansi yawo ndi ya boti zinkakanirana, ndiye ankatumiza munthu kuti adzamve kuchokera pakamwa panga.

"Ndi za seguru basi, alamu, za inshuwalansi zija," anatero. "Za azungu okhaokha. Akakufunsani mungoti sim, eya, kunyumba kunali wodwala. Si bodzanso, amayi ankadwala. Ikatha imeneyi ndikulankhulirani kwa apatarawu mubwerere pantchito."

"Ndamva, alamu. Ndibwera."

"Tikakumana ku nyumba ya alendo ija."

"Kumeneko ndimachita manyazi. Tikumane pagombe, pamene munanditsitsira paja, masana."

Anavomera mosangalala, kuganiza kuti njala yandifewetsa. Shugayo ndinalandira, tiyi wake ndinamwa. Kenako ndinayenda khomo ndi khomo kuuza akazi kuti Lachinayi masana asachoke pa matandala. Kwa azakhali ndinapita kawiri.

Lachinayi boti linafika. Munatsika alamu, makanika, mwini boti, ndi bambo wa magalasi wochokera ku inshuwalansi, buku lili m'manja. Ine ndinatsetsereka ndi poto pamutu, wovundikira bwino. Alamu anamwetulira, anayesa ndaphikira alendo.

Bambo uja anandifunsa mwaulemu ngati n'zoona kuti ndinabisa matenda a kunyumba. Ndinatula poto, ndinavundukula, ndinafunyulula thaulo pamchenga, dzina la boti lili poyera. Kenako ndinatembenukira kwa akazi, chifukwa mlandu wanga sunali ndi azungu.

"Amayi inu, ichi ndi chosefera madzi a m'boti. Chinasweka tsiku lachitatu. Alendo anamwa madzi a pamtsinje masiku awiri. Anachibisa muno ndi alamu angawa, n'kumanga ndi manja awo."

Mwini boti anaitola sefayo, anaitembenuza, anawerenga nambala yake. Anayang'ana makanika. Makanikayo anati, "Ndi yathu, patarawu. Ndinatulutsa ndine."

Alamu anasendera pafupi, milomo ili gwa. "Alamu, izi tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba ayi. Munayambira pano."

Ndinabwereza zonse kachiwiri, mokweza monga anakwezera iwo, kuti ndi akutali omwe amve. Ndinanenanso kuti ine ndinkadziwa za majagi aja ndipo ndinakhala chete. Bambo wa magalasi analemba zimenezonso, ndipo ndinamulola. Sindinafune kuti patsale kanthu koti wina adzandigwirire. Nditamaliza ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa alamu, ndipo ndinakondwa. Ndinakondwa mpaka kumapazi kumene anandipopera kuja.

Ntchito inawathera sabata yomweyo. Mwini boti anatumiza uthenga woti ndibwerere, ndinakana. Mng'ono wanga anabwera akulira.

"Mana, akulu anga, mwaganizako za ana anga? Adya chiyani?"

"Pa arubaini ya amayi unali pomwepo," ndinatero. "Unaona akundilanda mthiko. Kodi unkadziwa?"

Anatola mpango wake n'kumapita, ndipo kuchokako kunandiuza zonse.

Patapita masabata angapo azakhali anabwera ndi mthiko watsopano, ataugwira ndi manja awiri. Anati kuli ukwati mwezi wamawa, ndipo zakale zithe. Ndinaulandira, koma ndinawauza kuti ukwatiwo udikire kaye, pali mpunga wina umene ndisanaphike. Ashehe anandiuza kuti arubaini sabwereza, koma sadaka munthu angapereke tsiku lililonse. Ndinagulitsa usipa wanga wonse, ndinagula mpunga wodzaza poto uja, ndinakola nazi ndekha, ndinaitana mudzi wonse m'dzina la amayi. Anabwera. Omwe ankawoloka njira akandiona anadya mpaka kukokota mbale, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense ndamupakulira ndi dzanja langali, ndikumuyang'ana m'maso.

A kwa mng'ono wanga okha sanabwere. Ndinapakula mbale yaikulu, ya pakati pa poto pamene amayi ankati ndi pa ana awo, n'kupempha azakhali kuti akapereke. Anabwerera nayo yovundikira chimodzimodzi. Anati mng'ono wanga anakana ngakhale kuigwira.

Ndinakhala pakhomo, pamene amayi ankakonda kuwongolera miyendo, n'kudya ndekha gawo langa ndi la mng'ono wanga. Unapsa bwino, njere iliyonse payokha, monga mmene amayi anatiphunzitsira tonse awiri.