Manda amene ndinakonza ku Yerusalemu

Ntchito yanga ku Dubai ndi yokolopa mu hotela ina ku Business Bay. Dzanja langa linazolowera moti limapukuta khoma ndili m'tulo. Funsani anzanga a m'chipinda ku Karama, amametera ndevu pakhoma la pabedi langa ngati pagalasi.

Dzanja lomwelo ndinapita nalo ku Yerusalemu pa ulendo wa mpingo wathu. Miyendo inali itaiwala chitunda chifukwa cha chikepe cha m'hotela, ndiye maondo analira mpaka abusa anacheuka kufunafuna mbuzi. Mzinda wonse ndi wamwala, dzuwa likauwomba umafiira ngati buledi wongophula. M'sunagoge ina munali mawindo a magalasi amitundumitundu, kuwala kofiira ndi kobiriwira kutayikira pansi. Anzanga ankasirira, ine ndinkadandaulira munthu amene amawapukuta.

Pa Phiri la Azitona pali manda a Ayuda osaoneka polekezera, ndipo pamwamba pa manda alionse timiyala mbwee. Kwathu manda timalambula, ndiye ndinamva chisoni. Mphenzi inding'ambe ngati ndinalituma dzanjalo. Ndinangoona manda amodzi ali mbee, timiyala tonse tili m'chipewa changa.

Posakhalitsa anafika bambo wina wa ndevu zoyera, ndodo m'manja. Ataona mandawo anakhala pansi ngati wamenyedwa. Anandiuza m'Chingerezi kuti pagona mkazi wake, iye amakhala dziko lina, ndipo kwawo aliyense wodzaona manda amasiyapo kamwala.

"Ana anga amati amabwera mwezi ndi mwezi," anatero. "Taona, ngakhale kamodzi!"

Anatulutsa foni kuti aimbire mwana wake woyamba. Ana osalakwa anatsala pang'ono kukanidwa ndi bambo wawo chifukwa cha ukhondo wanga. Ndinagwada, n'kumuonetsa chipewa.

"Pepani bambo, ndine wokolopa."

Anandiyang'ana kwa shifiti yathunthu, ndikulumbira. Kenako anandilamula kubweza timiyalato kamodzikamodzi, iye akutiyang'anitsitsa ngati akuzindikira nkhope za anthu.

"Chimwala chachikulucho ndi cha mwana wanga wamkazi," anatero. "Ameneyo sadziwa kuchita zinthu pang'ono, ngati mayi ake."

Foni anaimbabe, koma anayamba ndi kuseka, misozi ikulowa m'ndevu. Pomaliza anandipatsa kuti ndilankhule ndi mwanayo. Ndinapepesa mwaulemu wonse wakwathu, ndikuwomba m'manja foni itapanidwa paphewa. Mwanayo, osadziwa kuti ndine ndani, anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa mwakachetechete ngati bambo ake ali bwinobwino.