Injini Yomwa Oyilo ya Adadi

Fungo la oyilo wopsa limandibwezera ku Smethwick, m'dziko la Angerezi, kuseri kwa nyumba yathu ya lendi, chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi. Pamenepo, pakati pa mabini a zinyalala ndi chingwe choyanikapo zovala, panali galimoto yofiira ya ku Japan, yakalekale, imene adadi anaikoka kuchokera ku Oldbury itafa kale.

Ku Ndirande adadi anali makaniko wodziwika, koma kuno ankasambitsa nkhalamba. Akaweruka shifiti ankavala ovolosi yawo n'kulowa pansi pa galimotoyo, ndipo mpamene ndinkawamva akuimba mluzu. Anandilonjeza kuti tsiku lotsekera sukulu adzanditenga nayo pageti. Ine, pakamwa posasunga kanthu, ndinalengeza kalasi yonse, ndipo anzanga amene ankandiseka chifukwa choyendera basi anati tidzaone.

Injini yake inali yachilendo. Inalibe mapisitoni. M'kati munali zitsulo ziwiri zamakona atatu, zonga samusa, zimene zinkangozungulira. Tsiku limene inalira, mawindo a kukhitchini ananjenjemera. Koma inkamwa oyilo, ndipo zimenezi zinkawapweteka adadi mumtima. Anasakasaka mpaka anapeza kapampu kamene kankadonthezera oyilo m'kati moyakira petulo.

Ineyo ndinali nditabwereka buku la magalimoto ku laibulale. Linkafotokoza kuti nzeru ya injiniyi inachokera ku Germany, koma a ku Hiroshima ndi amene analimbana nayo zaka zambiri, chifukwa nsonga za zitsulo zija zinkakanda khoma la injini. Kuti nsongazo zisaperepeseke, injini iyenera kuwotcha oyilo pang'onopang'ono. Anaipanga dala choncho. Ndinathamanga nalo bukulo n'kuwawerengera adadi m'Chingerezi, chala chili pamzere.

"Tadala, injini yomwa oyilo ndi yodwala," anatero osatulutsa mutu m'boneti. "Ndakonza injini iwe usanabadwe."

Ndinabwereza kawiri, kenako ndinalira ndi mkwiyo. Amami ali pazenera anangoti, "Safunsa anadya phula." Adadi anatseka kapampu kaja, ndipo kwa masabata angapo ankandionetsa monyadira kuti oyilo sakutsikanso. Ine ndinkangomva injini ikusasa mawu tsiku ndi tsiku, ndipo ndinalibe chochita. Zinkandiwawa koopsa.

Tsiku lotsekera ndinaima pageti, anzanga atandizungulira. Makolo anabwera n'kupita. Patapita nthawi ndinaona adadi akutsika basi, manja ali bii, atanyamula ambulera ngakhale kunalibe mvula. Galimoto inali itazima panjira, ndipo sinalirenso. Anzanga sanaseke n'komwe, anangobalalika, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa. Ine ndi adadi tinakwera basi yobwerera kunyumba.

Nthawi imeneyo ndinkati ndi makani basi, munthu wamkulu wokana kumva mwana. Lero ndikuona kuti pa zonse zimene anali nazo kumudzi, chimene anawoloka nacho chinali nzeru ya m'manja mwawo, ndipo ine ndinkawauza, m'chilankhulo cha mabwana awo, kuti nayonso kuno sigwira ntchito. Sanapepese. Koma sukulu itatsegulira ndinapeza chitsulo chimodzi chamakona atatu patebulo langa, chotsukidwa bwino, nsonga zake zitaperepeseka. Pansi pake panali buku lija, tsamba lomwe lija atalipinda.