Uthenga wa pa foni ndi njinga ya achimwene

Tinabadwa asanu, ndipo amayi akadali moyo. Amakhala kumudzi kufupi ndi Nsadzo, m'nyumba ya njerwa yomwe tinawamangira titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Ali ndi matenda othamanga magazi, choncho mwezi uliwonse amapita kuchipatala chaching'ono cha pa Nsadzo kukayezetsa ndi kukatenga mankhwala. Pamafunikanso sopo, mafuta ophikira ndi aganyu a kumunda kwawo. Zonsezi timagawana anafe.

Kwa zaka zambiri ndinkalemba zimenezi m'kope. Ndinagwirapo ntchito yolemba nkhani m'nyuzipepala mumzinda wa Tete ndisanadzakhale pano pa Chifunde, ndipo ntchitoyo inandisiyira chikhulupiriro chimodzi: chinthu chikalembedwa poyera, mkangano umatha. Vuto linali lakuti kope limakhala malo amodzi pamene ife tinabalalika. Mlongo wanga wina ali ku Mualadzi, wina mumzinda, mng'ono wanga amagulitsa zovala kumalire a Zambia. Achimwene akulu okha ndiwo ali mudzi umodzi ndi amayi. Aliyense ankandiimbira foni kufunsa zomwe watsala nazo, ena kawiri pa sabata.

Chilimwe china mwana wa mlongo wanga wa mumzinda anadzakhala kwa ine miyezi iwiri podikira ntchito. Ndi mkazi wachikulire ndithu, anaphunzira za makompyuta. Ataona kope lija anaseka.

"Amalume, zonsezi zikhoza kulowa mu telefone."

Ife amene tinakulira ku Malawi timati foni, iye amati telefone, ndipo chimene ankafuna kupangacho ankachitcha aplikativu, kutanthauza kapulogalamu ka mu foni. Tinakhala pakhonde masana kwa sabata ziwiri, iye ndi kompyuta pamiyendo, ine ndi kope. Nkhawa yake yonse inali pa chinsinsi. Anakana kuti zolemba zathu zikasungidwe kwa kampani ina iliyonse. Anati zizikhala m'mafoni athu okha, ndipo aliyense akhale ndi nambala yake yotsegulira. Zimenezo ndinavomera mosavuta. Changa chinali chimodzi: mwezi ukatha, uthenga upite kwa onse asanu, wosonyeza munthu aliyense ndi ndalama zomwe wapereka.

"Amalume, za m'thumba mwa munthu sizionetsedwa choncho."

"Pamaliro chipepeso sachiwerenga pagulu? Wadandaula ndani?"

Anandiyang'ana, kenako anachita zomwe ndinanena. Atatu mwa ife tili ndi mafoni akuluakulu. Achimwene ndi mlongo wa ku Mualadzi ali ndi timafoni tamabatani, choncho iwo ankayenera kulandira uthenga wamba.

Uthenga woyamba unapita mwezi utatha. Unali waukhondo, mizere isanu, woyamba wopereka zambiri. Mng'ono wanga anali pamwamba ndi mametikali, ndalama za kuno ku Mozambique, chikwi chimodzi ndi mazana asanu. Ine ndinali wachiwiri ndi chikwi. Achimwene anali pansi penipeni ndi zana limodzi. Ndinauwerenga kawiri n'kukhutira kuti mulibe cholakwika.

Panali chinthu chomwe ndinkachidziwa bwino koma sindinachiganizire. Kwa achimwene kulibe magetsi. Foni yawo imatchajidwa pagolosale ya pa Nsadzo pomwe pali sola. Maso awo anayamba kufooka, ndiye uthenga ukabwera amapatsa mwini golosale kuti awawerengere. Ambiri kwathu amatero, ndipo wowerengayo amawerenga mokweza, chifukwa kunong'ona kungaoneke ngati akubisa kanthu. Tsiku limenelo linali la msika, ndipo pakhonde la golosale panali amuna akusewera bawo.

Izi ndinazimva kwa mlongo wa ku Mualadzi, amene anazimva kwa alamu athu, akazi awo a achimwene. Mwini golosale anawerenga mizere yonse isanu osadumpha. Atafika pomaliza, mmodzi wa pabawo anati, "Akulu a banja, zana limodzi? Imeneyo ndi ya mchere kapena ya machesi?" Anthu anaseka. Achimwene anatenga foni yawo isanadzaze n'kunyamuka.

"Ndiye akugulitsa njinga," anatero mlongo wanga pa foni. "Wogula wapezeka kale, abwera Loweruka. Akuti mwezi uno akufuna akhale pamwamba."

Njinga imeneyo ndi imene imanyamula amayi kupita kuchipatala. Njinga yamoto amaikana, amati imawachititsa chizungulire, ndipo wapansi sangafike. Tsiku lawo lokayezetsa linali Lachiwiri la sabata yotsatira.

Lachinayi m'mawa ine ndi mwana wa mlongo wanga uja tinakwera njinga zamoto ziwiri. Tinafika masana titayera ndi fumbi. Tinapeza achimwene ataigadabuza njinga pabwalo, akuipukuta ndi kansanza ka mafuta kuti ioneke bwino kwa wogula.

"Afika a nyuzipepala," anatero osadzuka. "Lero mwabwera kudzalemba chiyani?"

"Tabwera kudzaona amayi."

"Ali uko, akusenda mtedza. Ukawauze kuti mwana wawo woyamba ndi wa machesi."

Titapereka moni kwa amayi, ndinabwerera n'kukhala pampando pafupi ndi achimwene. Ndinachita zomwe ndimadziwa, kufunsa mafunso. Mwezi wathawu anawanyamula amayi kangati? Kawiri, chifukwa anamwino anati abwerenso akawayezenso. Nkhokwe ya amayi anaikonza ndani? Iwo, masiku atatu. Nkhuni? Iwo ndi alamu, sabata iliyonse. Ndinatulutsa kope n'kuwerengetsa: mtengo wa njinga yamoto kupita ndi kubwera, kawiri, ganyu wa masiku atatu, mitolo inayi ya nkhuni. Zonse pamodzi zinapitirira ngakhale zomwe anapereka mng'ono wanga.

"Taonani, achimwene. Tiziika zimenezi mu uthenga, mukhala pamwamba popanda kugulitsa kanthu."

Anasiya kupukuta.

"Iwe, sukulu inakuthandiza chiyani? Ukufuna pagolosale awerenge kuti ine ndimawalipiritsa amayi anga powakweza njinga? Kuti ndimawagulitsa nkhuni?"

Ndinatseka kope. Amene anayankhula ndi mwana wa mlongo wanga, amene anali atakhala pamphasa chapatali.

"Amalume aakulu, pepani. Uthengawo ukafika pagolosale, inu mukufuna awerenge kuti chiyani?"

Achimwene anazunguza gudumu la kumbuyo n'kuliyang'ana mpaka litaima.

"Awerenge kuti amayi ali bwino. Ndiponso kuti mbali yanga yakwana. Basi."

Mwana wa mlongo wanga analemba mawuwo mu foni yake momwe anawanenera. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuikonzanso aplikativu ija papepala. Lamulo loyamba analinena yekha: uthenga uliwonse tiziulemba ngati kuti uwerengedwa mokweza pamsika. Nambala yotsegulira imateteza foni kwa wakuba, koma siithandiza kanthu mwini wake akaipereka yekha kuti amuwerengere. Choncho mu uthenga wamba simudzakhalanso manambala kapena mayina a ena. Amene mbali yake yakwana adzauzidwa kuti yakwana. Amene sanakwanitse adzangouzidwa kuti aimbire wosunga kope. Ntchito ya manja idzawerengedwa mkati, pa mitengo yomwe tonse asanu tigwirizane kamodzi, koma sidzaonekera kwa wina aliyense. Amene ali ndi aplikativu adzaona zinthu zitatu zokha: zomwe zalowa pamodzi, zomwe zagwiritsidwa ntchito ndi zomwe zatsala.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Inu muziona chizindikiro basi, wakwana kapena sanakwane."

Zimenezo zinandiwawa, chifukwa ndimakonda kuona manambala onse pamzere. Koma ndinali nditalakwitsa kawiri pa nkhani imodzi, ndipo ndinavomera. Tinaimbira enawo mmodzimmodzi titakwera pachulu pomwe foni imagwira. Alongo awiri anavomera msanga. Mng'ono wanga anavuta.

"Ndidziwa bwanji kuti wina sakubisala kumbuyo kwanga?"

"Mukaona kuti zolowa pamodzi zakwana, ndiye kuti palibe wabisala," anatero mwana wa mlongo wanga. Mng'ono wanga anang'ung'udza kuti iye ndiye amapereka zambiri ndipo tsopano palibe adzadziwe. Ndinamuuza kuti tonse tikudziwa kale, chifukwa amatiuza yekha.

Lachisanu m'mawa tinapita tonse pa Nsadzo. Mwana wa mlongo wanga anatumiza uthenga watsopano ali chiimire panja pa golosale. Foni ya achimwene italira, anaipereka kwa mwini golosale monga amachitira nthawi zonse. Iye anaitalikitsa kumaso n'kuwerenga mokweza.

"Amayi ali bwino. Mbali yanu ya mwezi uno yakwana. Zikomo."

"Zingati?" anafunsa wina wa pabawo.

"Sanalembe."

"Aa, ndiye uthenga wanji umenewo?"

"Ndi wanga," anatero achimwene. "Sewera, akudya nkhomo zako."

Anaisiya foniyo kuti idzaze, ndipo tinabwerera kumudzi.

Wogula uja anafika Loweruka dzuwa litakwera pang'ono, bambo wa mudzi wina wa tsidya la mtsinje, ndalama atazimanga pakansalu. Anaizungulira njinga, anafinya matayala, anayesa mabuleki. Achimwene anamusiya achite zonsezo.

"Ndiye tiwerenge?" anatero bamboyo.

"Pepani, bambo, mwavutika ndi ulendo. Njingayi ili ndi ulendo Lachiwiri."

"Ndibwere Lachitatu?"

"Mwezi wamawa ilinso ndi ulendo."

Bamboyo anadandaula kuti wataya tsiku lonse la kudimba. Anali ndi chifukwa chomveka. Ndinamupatsa kangachepe ka m'thumba mwanga, alamu anamupatsa mtedza m'kathumba, ndipo anabwerera wapansi monga momwe anadzera. Achimwene anaikankhira njinga m'nyumba n'kundiuza kuti ndikabweranso ndidzabwere ndi tayala la kumbuyo, chifukwa lomwe lilipoli latha.