Nyundo Yachikasu ya Pakona ya Kanema

Ine ndine wosula. Zaka makumi anayi ndinakhoma zidebe, mbaula ndi makheni pamsika wa Mchinji, ndipo palibe amene anabwerako kudzati chidebe changa chikudontha. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2. Chichewa ndimalemba ndekha, pang'onopang'ono, koma Chizungu chikamathamanga pagalasi la kanema chimandisiya m'mbuyo. Zimenezo sindinkauza munthu.

Mayi a ana atatisiya, mwana wanga wamkazi, amene ndi nesi, ananditenga kudzakhala naye ku Handsworth, kuno ku Mangalande. Munali mu 2003. Achimwene anga aakulu pondiperekeza ku depoti anati, "Ndiye mukukalera zidzukulu ku Mangalande? Akakugulireni mbereko." Mawu amenewo ndinakwera nawo ndege.

Ndipo kunena zoona ntchito yanga inalidi imeneyo. Mwana wanga ku shifiti, mkamwini ku weyahausi yosungirako katundu ku Oldbury, ine kuperekeza ana kusukulu ndi kukawatenga, ana oti ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chizungu osatembenuka n'komwe.

Mnzanga anali kanema. Masiteshoni analipo ambirimbiri, koma yanga inali imodzi, yaing'ono, ya konkuno ku Midlands. Mpira ndi masewero inkatenga kwa kampani yaikulu ya ku London, koma nkhani za sikisi koloko madzulo inkakonza yokha. Dzina lake sindinavutikepo kuliwerenga. Ndinkaidziwa ndi nyundo yachikasu imene inkakhala pakona, ndipo nkhani zikamayamba inkagunda kawiri, nge! nge! Mkamwini anandiuza kuti dera lino kale linali la osula matcheni ndi misomali. Ndinati basi, awa ndi abale anga.

Wowerenga nkhani anali mayi wina wa imvi, Mzungu, wokhala patebulo mwaulemu. Sikisi ikamakwana ndinkavala jekete. Iye akapereka moni ine ndinkayankha mokweza, "Ndaswera, kaya inu mayi!" Zidzukulu zinkaseka. Ziseke. Munthu akakulowera m'nyumba sumulandira uli ndi vesiti. Zonena zake ndinkangotolamo apa ndi apo, koma misewu ndinkaiona: Stratford Road, mabasi opita m'tauni, madenga amene kamvuluvulu anasasula kufupi ndi Sparkhill.

Mu Julayi 2006 Amalawi tinachita phwando la ufulu muholo ina ku Oldbury. Ine ndinakhoma mbaula ziwiri kuseri kwa nyumba, za mgolo wakale, zootchera nyama. Tili mkati mootcha, panafika galimoto ya nyundo yachikasu, ndipo anatsikamo ndi mayi wa imvi yemwe uja, wamfupi kusiyana ndi mmene ndinkamuganizira. Anazungulira mbaula, n'kufunsa kuti yagulidwa kuti.

"Muwauze kuti mwini wake ndi uyu," ndinatero kwa mwana wanga.

"Ababa, tsitsani mawu, akumva."

"Amve!"

Ndinatenga nyundo yanga ndi lata lotsala, n'kupinda mkombero pamaso pa kamera. Ndinafotokoza za Mchinji, za mmene umamvera ndi khutu ngati msoko wagwira, mwana wanga akumasulira. Pomaliza ndinaloza nyundo ya pagalimoto, n'kukweza yanga. Mayi uja anaseka, anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti adzaonetsa Lachisanu la sabata yachitatu.

Lamulungu ndinalengeza ndekha kutchalitchi, osadikira mlembi. Kenako ndinagula khadi la foni n'kuimbira achimwene.

"Achimwene, konzekani. Tepi ikubwera. Mukaonere kwa aphunzitsi aja a vidiyo, muitane ndi anzanu a pabawo. Mukaone ngati ndili ndi mbereko kumsana."

"Tidzaona, alezi," anatero.

Masabata amenewo pansi pa galasi panayamba kuyenda zilembo, tsiku ndi tsiku. Madzulo ena mayi wa imvi analankhula nthawi yaitali, nkhope ili yakugwa. Ndinayesa kwagwa maliro. Sindinafunse. Ndikanafunsa ndani? Mdzukulu wa zaka zisanu ndi zitatu, ine amene ndinkauza anthu kutchalitchi kuti nyuzi ndimamva popanda womasulira?

Lachisanu lija mwana wanga ndi mkamwini anali kuntchito. Anandisiyira tepi muvidiyo, n'kundionetsa batani lofiira. Anthu a kutchalitchi anadzaza pabalaza, ena anakhala pamasitepe. Ndinavala jekete ndi tayi. Sikisi itakwana ndinadina nambala yamasiku onse, n'kudinanso batani lofiira.

Nyundo panalibe. Panali bambo wina wa ku London akunena za nyumba ya malamulo.

Ndinayamba kusaka. Mpira wa pahatchi, ophika, ogulitsa mphete. Ndinadutsa pa siteshoni ina ya mtundu wapepo, zilembo zikuzungulirazungulira, nyimbo ngati za kumalo omwera mowa, mtsikana ali chiimire wopanda ndi tebulo lomwe. Ndinapitirira.

Pakati pa alendo panali mtsikana wina wa ku Zomba, wophunzira kuyunivesite. Anati, "Agogo, tabwererani pa yapepo ija. Ndinamva kuti a ku London anawadula a siteshoni yanu ija, ndiye asintha nambala ndi dzina."

"Iwe mwana, siteshoni yanga ndimaidziwa. Ili ndi nyundo."

"Anaichotsa, agogo. Tandipatsani rimoti."

"Rimoti m'nyumba muno imagwiridwa ndi ine!"

Mkulu wa mpingo wina, wa ku Chipata, anati, "Madala, mwanayu akamba zoona, mupatseni chabe."

"Mwina nyundoyo aibwereka a neba," anatero mayi wina pamasitepe, ndipo anthu anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandiumitsa dzanja. Ndinazungulira masiteshoni onse katatu, katatu konse ndikulumpha yapepo ija. Pamene ndinaponya rimoti pampando, mtsikana wa ku Zomba uja anadina kamodzi kokha. Panatuluka mapu ndi mitambo ya mvula. Nkhani zinali zitatha.

Foni inalira. Anali mayi wina wa ku Sparkhill amene anaonera kwake. "Takuonani, agogo! Koma mawu anu sanamveke, anaikapo nyimbo. Mwangokhoma kawiri, basi n'kuchotsa." Alendo anamwa tiyi wawo, n'kutuluka mmodzimmodzi.

Lolemba ndinakakamiza mwana wanga, ali ndi tulo ta shifiti, kuti tipite komweko. Mabasi awiri. Pakhoma la siteshoni panali chikwangwani chapepo, ndipo m'mbali mwake munkaoneka mabowo a misomali ndi chithunzi choyera cha pamene panali nyundo. Nyundoyo ndinaiona itatsamira pa bini ya zinyalala, itapindika pakhosi. Amene anaizula anatokosa ndi chitsulo m'malo momasula. Ntchito ya munthu wosalemekeza lata.

Mtsikana wa pakhomo anatiuza kuti mayi wa imvi anachoka pamodzi ndi anzake ambiri, ndipo matepi ojambulidwa kale anatengedwa ndi a ku London poti makina anali awo. Za zimene zinaonetsedwa Lachisanu, tilembe imelo. Mwana wanga analemba kawiri. Mpaka lero.

Akuti tsopano a siteshoniyo ndi odziimira paokha, ndi atsopano, ndi a achinyamata. Nkhani zinafupika, mkati mwake mwadzaza otsatsa masofa ndi magalimoto akale. Ndinayesako sabata imodzi. Palibe amene amakupatsa moni woti n'kuvalira jekete. Chimene sindimvetsa n'chakuti a ku London anawalanda mpira ndi masewero, chabwino, koma nyundo anawalanda ndani? Anaitaya okha. Wosula akamuchotsa pamalo ake mumsika amasamuka ndi kulira kwa nyundo yake, makasitomala amamulondola ndi khutu. Awa anasamuka mwakachetechete, n'kulemba tizilembo tothamanga, ngati aliyense wowaonera anafika Fomu 4.

Mtsikana wa ku Zomba uja ananena zoona, ndikudziwa. Amandipatsabe moni atapinda maondo, ndipo ine ndimayankha ndikuyang'ana kwina.

Achimwene ankafunsa nthawi zonse ndikaimba. "Nanga tepi ija, alezi? Aphunzitsi afufuta fumbi pa vidiyo." Ndinkati ikubwera, a positi a kuno ndi ochedwa. Anamwalira mu 2008, nthawi ya dzinja, ndipo kumaliro sindinapite. Tepi ili m'dirowa ya m'chipinda changa, pansi pa tayi. Muli bambo wa ku London akunena za nyumba ya malamulo.