Makina Operera Mtedza

Tsiku limene ndinaganiza zopita ku Beira kunali chifunga, kamphepo kozizira kakutsika m'mapiri. Kuseri kwa nyumba kunkamveka musi, kugunda kawiri n'kupuma. Anali akazi anga, amake Domingo, akusinja mtedza ndi phewa lomwe linawavuta zaka zambiri. Fodya anali atatikana chaka chimenecho. Ndinapemphera, m'mawa mwake n'kuyenda wapansi kukakwera chapa, minibasi ya kwathu, ku Furancungo.

Ntchito ndinaipeza yotsuka mapoto pamalo ena odyera. Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi ndinkaimba foni kumudzi. Kupatula mawu amenewo, ndinalibe wocheza naye.

Wophika wamkulu ndiye anandiphunzitsa kutembenuza makina operera a m'khitchini n'kuwerenga nambala ya kunsi kwake. "Awa ndi mawati, madala. Nambala ikakula makina amapera msanga, koma amadyanso magetsi ngati njovu."

Nditasunga ndalama ndinagula makina operera mtedza, a mawati mil e duzentos, ndiye kuti 1,200. Kabokosi kathu ka sola kumudzi kankangokwanitsa mawati trezentos, 300 okha, koyatsira mababu awiri ndi kutchajira foni. Makinawo ndinawatumiza ndi uthenga woti asawalumikize kufikira nditabwera ndi kabokosi kokulirapo.

Dzinja litafika foni inasiya kulowa. Ndinkati ndi mitambo. Uthenga unadzandipeza kudzera mwa akatekisiti a ku Chidzolomondo, amake Domingo ataikidwa kale m'manda.

Nditafika kumudzi, mwana wanga Domingo ndi alamu anga a Zakariya anakhala nane pakhonde, maso ali pansi. Anayamba ndi a Zakariya.

"Alamu, ndine ndinakakamiza. Ndinati nambala yaikulu ndiye mphamvu, singalephere. Tinkafuna achemwali awaone akuzungulira. Kabokosi kanangofuka utsi."

"Amayi atadwala foni inali yozima posowa potchajira, mtsinje utadzaza," anatero Domingo. "Ankafunsa za inu, bambo."

"Anawaona akuzungulira?" ndinafunsa.

"Pang'ono chabe," anayankha Domingo. "Anaseka, amvekere bambo ako agula ndege."

Mpaka lero ndimadzifunsa chimene ndinathamangira kuwatumiza makinawo. Ndikanabwera nawo ndekha m'chikwama. Mawu omaliza a akazi anga ndikanawamva, ngakhale pafoni pomwe.

M'mawa ndinapita kumunda. Ndinapeza chimanga chitapaliridwa ndi kubandiridwa mpaka kumalire. Anansi anandiuza kuti awiriwo ankalawirira kumeneko tsiku ndi tsiku chichitikireni maliro, minda yawo itamera tchire. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Pobwerera ndinawapeza akundidikira panjira, ndipo ndinawakhululukira onse awiri.