Udzu wa Amai

Ndikukumbukila kanyumba kathu ka lendi ku Nyimba, kuseli kwa sitolo ya a Mwanza, nthawi ya Chitaganya. Atate anali ku migodi ya ku Wanki, ndipo ndalama zimene ankatumiza zinangoleka mwakachetechete. Lendi inaunjikana. Mitambo itayamba kuda, a Mwanza, eni nyumba, anabwela mimba patsogolo, nati mwezi ukamatha tikhale titatuluka, apeza wina wolowamo.

Amai sanali munthu wolila pamaso pa anthu, ai ndithu. Anati nkhaniyi ikamveke ku boma, ku Petauke. Wophunzila pakhomo ndinali ine, mtsikana wa Sitandade 2 yathunthu, choncho anandikhazika pamphasa n'kuthothola pepala pakati pa kope langa la masamu. Iwo ankanena akusenda chinangwa, ine n'kumalemba lilime lili panja. Ngongole sanaikane. Anangofuna boma lidziwe kuti tinapeza zipupa zokhazokha, udzu wonse wa padenga anamweta okha kudambo, kusenza pamutu, ofolela n'kuwaphikila mowa. Pempho lawo linali lakuti a Mwanza atidikile tikolole. Pomaliza anapaka chala mwaye wa mphika n'kudinda pansi pa mawu anga.

Tinakwela lole ya mtedza, fumbi lofiila mpaka m'mano. Ku boma, kalaliki wa kabudula woyela anagwila pepala lathu ndi zala ziwili.

"Chitupa cha amuna anu chili kuti, amai?"

"Chili m'thumba mwawo ku Wanki, bambo. Ndikachitenge wapansi?"

"Popanda mwamuna ndi chitupa chake, palibe mlandu."

Ndinapsa mtima mpaka misozi. Kalata yanga yokongola ija osaiwelenga n'komwe! Amai anangoipinda n'kuimanga pansonga ya chitenje.

Tsiku lotuluka litakwana, anaitana anzawo a kumtondo. Kenaka amai, munthu wamkazi, anakwinda nsalu n'kukwela padenga dzuwa likuswa mtengo, zinthu zosamveka masiku amenewo, nayamba kusasula. Udzu unkatsika ukununkha utsi, mphemvu zili balala, ife pansi tikumanga mitolo. A Mwanza anatulukila ali wefuwefu.

"Amai inu, mwapenga kodi?"

"Zipupa n'zanu, bambo, khalani nazo. Udzu ndi wanga."

Anthu ogula mchele pasitolo anafa nazo nseko. Tinandandana mumseu, aliyense mtolo pamutu, kukafolela kakhumbi kumunda kwa amalume. Munali mothina, nsabwe zokhazokha, koma simunadonthe. Mvula itagwa, zipupa za a Mwanza zinasungunuka ngati chulu cha chiswe, ndipo wolowa uja sanaoneke.

Lelo akazi ali ndi ziphaso zawozawo, palibe wowafunsa za mwamuna. Koma nyumba ndi za malata, zokhomedwa ndi misomali ya eni. Mdzukulu wanga ku Lusaka ali ndi mapepala a lendi odzaza chikwama, koma atamutulutsa anachoka ndi matilesi basi, mutu uli pansi. Ife tinachoka titasenza denga.