Tsiku limene nyanja inanamiza a Longwe

Kwathu ku Kande palibe amene amadziwa njira kuposa a Mizeck Longwe. Ndi amalume anga, ife timati asibweni. Anakhala siginala zaka makumi awiri ndi zisanu, ndiye kuti munthu wotsogolera mabwato kumene kuli usipa. Akanena kuti mtengo uwo ukalunjikana ndi nsonga ya phiri ilo pansi pali mwala, ponyani chingwe, mwalawo muupeza. Vuto lake munthu wotere sauzidwa. Ngakhale mu minibasi ya ku Chintheche amalangiza dalaivala pokhota, chikhalirecho msewu wake ndi umodzi womwewo.

Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi achimwene awo a Isaac, amene anapita ku Joni mu 1989 n'kutchona. Makalata anabwera zaka zitatu, kenaka zii. Aliyense wotsika basi ya ku Joni, asibweni ankamulonjera asanamasule n'komwe katundu. "Simunamuoneko Isaac wa kwa Longwe? Wamtali, wa mpata kumano?" Anthu ankaseka kuti amayesa Joni ndi msika wa ku Mpamba. Ine ndinkaseka nawo, ndipo lero ndimachita nazo manyazi.

Chaka chatha kunabwera foni kuchokera kwa Olive, mayi wa ku Tukombo amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town. Anati m'chipatala china muli nkhalamba yodwalika kwambiri, imene ikumayankha manesi m'Chitonga. Dzina lake Isaac. Anati ngati pali wofuna kuwaona ali moyo asazengereze. Asibweni anakwera basi masiku anayi, atanyamula ufa wa kondowole, usipa wouma, ndi foni yanga imene ndinawabwereketsa.

Tsiku loyamba Olive sanaloledwe kuchoka pantchito. Anawalembera dzina la chipatalacho pamapu a mufoni, nawakweza takisi.

"Mukatsika muzingomvera mayi akuyankhula umuyu," anatero Olive. "Kadontho aka ndi inuyo. Kuona odwala amatseka 4 koloko, ndipo kuno sanyengerera, ada."

Anatsika nthawi isanakwane 3 koloko, kunja kuli mitambo yokhayokha. Mayi wa mufoni uja ananena m'Chingerezi kuti alowere kum'mawa. Asibweni Chingerezi amachimva, anaphunzira kumishoni. Anayang'ana uku ndi uku, ndipo kumapeto kwa msewu wotsetsereka anaona madzi. Basi mtima unakhala pansi. Chibadwire chawo dzuwa limatuluka m'nyanja. Kwathu kum'mawa ndi kunyanja, kumadzulo ndi kumtunda, ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa. Anauyamba ulendo wolunjika kumadzi.

Foni inati atembenuke. Iwo anapitirira. Inabwerezanso, kadontho kaja kakutalikirana ndi mzere wake.

"Mama, inu mungandiphunzitse kum'mawa ine?" anaifunsa mokweza, anthu pamsewu akuwacheukira. "Munabadwira kuti?"

Anaiponya m'thumba la jekete, izikalongolola momwemo.

Atafika pagombe mitambo inang'ambika pang'ono. Dzuwa linali pamwamba pa madziwo, litapendekeka, likutsikira komweko. Anali asanaonepo dzuwa likupita kukalowa m'nyanja, ndipo apo m'pamene anadziwa kuti ali kutali ndi kwawo, kutali kwenikweni, kumene ngakhale madzi ali mbali yolakwika. Anaganiza za achimwene awo, kuti zaka zonsezi akhala akudzuka m'dziko lotembenuzika chotere, wowauza mwadzuka bwanji m'chiyankhulo chawo palibe.

Anatulutsa foni ija. Nthawi inali itadutsa 3 koloko.

"Pepani mama," anatero. "Tsogolani."

Tangoganizani bambo wa zaka 63, jekete la kutchalitchi, thumba la ufa paphewa, akuthamanga chokwera mtunda foni ili m'manja ngati kandulo. Ikati kumanzere, kumanzere. Ikati awoloke, ankawoloka osatsutsa. Mkazi wawo atamva nkhaniyi anati akanadziwa akanagula foni yotere kalekale.

Analowa m'chipindamo kutatsala mphindi khumi. Pabedi la pakona panagona munthu wowonda, mano onse atatha, moti mpata uja sakanaupeza. Koma mphumi inali ya bambo awo.

"Mwe uli?" analonjera asibweni m'Chitonga.

Nkhalambayo inawayang'ana nthawi yaitali. "Mizeck? Wakalamba bwanji iwe!"

Mafunso amene anasunga zaka makumi atatu ndi kusefukira, loti munasiyiranji kulemba, loti simunamve kodi za maliro a amama, palibe limene linatuluka. Anangomasula thumba la usipa. A Isaac anatenga kamodzi, osadya, n'kungokagwira pamphuno maso atatseka.

"Wandipeza bwanji mumzinda wonsewu?"

Asibweni anawaonetsa foni, nati muli mayi wodziwa njira zonse.

"Zonse? Ndi ya ku Kande yomwe?"

Nesi wina anawathandiza kulemba dzina la Kande pamapu paja. Mzere unatuluka, wautali, kukwera mapu onse, kudutsa malire awiri atatu mpaka kukaima m'mbali mwa nyanja yathu. A Isaac anautsatira ndi chala pang'onopang'ono osadumpha paliponse, ndipo atafika kumapeto chalacho chinakhala pomwepo.

"Si patali," anatero. "Ine ndinkayesa m'patali."

Belu linalira, nesi nayamba kutulutsa anthu. Asibweni anavala chipewa, nalonjeza kuti abweranso mawa ndipo sasocheranso.

"Ubwere ndi nsapato zanga," anatero a Isaac. "Anandisungira kwinakwake anthu awa."

M'mawa mwake asibweni anafika pachipata ola lathunthu nthawi isanakwane. Nesi yemwe uja anawaona, ndipo m'malo mowalozera kuchipinda, anawatengera mpando kuti uthenga wa imfa ya a Isaac uwapeze atakhala pansi.